Namzeze ndi Njinga Yolemera

Namzeze ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukweranso njinga yake.

Namzeze linali dzina longomupatsa. Anamupatsa ndi amayi ake. Iwo ankati mwanayu sayenda, amauluka ngati mbalame ija ya namzeze. Akamutuma kugolosale, ankauluka. Akamuitana kuti akasambe, ankaulukanso, koma kulowera kwina.

Njinga yake inali yofiira. Inali ndi belu lolira bwino. Inali ndi chishalo chakuda. Koma tsopano njingayo inali m'mwamba. Inali yopachika pakhoma, pamsomali waukulu. Ndipo mkono wa Namzeze unali m'chikhakha.

Zinayamba chonchi.

Bambo a Namzeze anali okonza njinga. Shedi yawo inali kumaso kwa nyumba. Tsiku lililonse anthu ankabwera ndi njinga zawo. Wina tayala laphwa. Wina tcheni chaduka. Wina wilo lapindika. Bambo ankazikonza zonse. Panalibe njinga imene inkawakanika.

Tsiku lina Namzeze anabwera ndi yake. Anawauza kuti mabuleki sakugwira bwino. Bambo anali atawerama pa njinga ya munthu wina. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti aiona mawa.

Mawa lake Namzeze anawakumbutsa. Bambo anati mawa. Tsiku linalo anawakumbutsanso. Bambo anatinso mawa. Njinga za eni zinkalowa. Njinga za eni zinkatuluka. Njinga ya mwana wawo inkangodikira mawa. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Namzeze naye sanali munthu wodikira. Miyendo inkamuyabwa. Tsiku lina masana anangoitenga njinga ija. Anaikwera n'kuuyamba ulendo.

Msewu wakwawo unali ndi kamtsetse. Kumunsi kwa kamtsetseko kunali kona. Pakonapo panali ngalande.

Namzeze anatsetsereka. Mphepo inamuwomba kumaso. Anaseka yekha. Njinga inathamanga. Inathamanga kwambiri. Kona ija inayandikira.

Anafinya mabuleki. Njinga sinamve. Anafinyanso ndi mphamvu. Njinga sinamvebe. Kenako khuu, Namzeze m'ngalande, njinga pamwamba pake.

Poyamba sanalire. Anangoti phee, maso ali kumwamba. Kenako mkono unayamba kuwawa. Unawawa kwambiri. Apo ndiye analira, ndipo msewu wonse unamva.

Bambo anabwera akuthamanga. Sipanala inali ikadali m'manja. Anaiponya pansi. Anamunyamula Namzeze mosamala. Anamuika pachifuwa ngati khanda. Amayi anali pambuyo, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja.

Kuchipatala adokotala anajambula mkono uja. Anati fupa lathyoka. Anati lichira, koma lifunika nthawi. Anamuika chikhakha choyera. Chinali cholimba. Chinali cholemera. Anati achivale mwezi ndi theka.

Atabwerera kunyumba, Bambo anakatola njinga ija kungalande. Wilo lakutsogolo linali litapindika. Belu linali litapotoka. Anakhoma msomali waukulu m'shedi. Anaipachika njingayo pamwamba, poti mwana sangafikire.

Namzeze anaona kuti Bambo asintha. Kale ankaimba mluzu pogwira ntchito. Tsopano mluzu unatha. Kale ankaseka ndi eni njinga. Tsopano ankangoti eya, ayi, zikomo. Zimenezi zinkamumvetsa chisoni Namzeze.

Masiku a chikhakha anali aatali. M'kati mwake munkayabwa. Namzeze ankafuna kukanda, koma pokanda panalibe. Posamba, Amayi ankakulunga mkonowo ndi jumbo. Povala, Amayi ankamumanga mabatani. Kusukulu ankalemba ndi dzanja lamanzere. Zilembo zake zinkaoneka ngati papalasa nkhuku.

Anzake analemba mayina awo pachikhakha. Wina anajambulapo duwa. Wina anajambulapo nsomba. Wina anajambulapo njinga, koma mawilo ake sanali ofanana.

Akaweruka kusukulu, Namzeze ankapita kushedi. Ankakhala pachidebe chovundikira. Ankaonerera Bambo akugwira ntchito. Nthawi zina ankawapatsira sipanala. Nthawi zina ankawapatsira pampu. Nthawi zambiri ankangoyang'ana m'mwamba, pamene panali njinga yake.

Pamenepo ndi pamene anaona kachitidwe ka Bambo. Akamaliza kukonza njinga, ankaigoneka chagada. Ankazunguza wilo ndi dzanja limodzi, waa. Kenako ankatenga kansanza. Ankapukuta zala zawo chimodzichimodzi.

Chala ichi. Chala ichi. Chala ichi. Mpaka zala zonse khumi.

Akamaliza, ankayang'ana wilo lija. Likakhala likuzungulirabe, ankati njinga yachira. Likaima msanga, ankati ikudwalabe. Njinga yodwala sankaipereka kwa mwini wake, ngakhale mwiniyo ali pachangu.

Namzeze naye anapeza kansanza kake. Bambo akamapukuta, iyenso ankapukuta. Zala zisanu zinali panja. Zala zisanu zinkangosuzumira m'chikhakha. Ankazipukutabe zonse, chimodzichimodzi.

Mwezi unatha. Theka lija linathanso. Tsiku lochotsa chikhakha linakwana.

Anamwino anachidula ndi kamakina kaphokoso. Namzeze anatsinzina. Atatsegula maso, anauona mkono wake. Unali woonda. Unali wotuwa. Unalinso ndi kafungo. Amayi anaseka. Anati mkono umenewu ukufuna sopo ndi ntchito.

Ntchito inayamba tsiku lomwelo. Namzeze ankafinya mpira wamasokosi. Ankafinya, n'kusiya. Ankafinya, n'kusiya. Kenako anayamba kunyamula kapu. Kenako botolo la madzi. Kenako pampu ya Bambo. Tsiku ndi tsiku mkono unkalimba.

Tsiku lina anapita kushedi. Anaima pamaso pa Bambo. Anapinda mkono kuti aone mphamvu zake.

"Bambo, tsitsani njinga yanga," anatero Namzeze.

Bambo anatsegula pakamwa. Mawu aja akuti mawa anatsala pang'ono kutuluka. Anawameza. Anayang'ana mkono. Anayang'ana njinga. Kenako anavomera ndi mutu.

Mawa lake Namzeze pochokera kusukulu anaipeza njinga ili pansi. Inali kunyezimira. Wilo linali latsopano. Belu linali lowongoka. Pamene panakalika panali penti watsopano. Bambo anati mabuleki ndiye awamanga bwino kwambiri.

Namzeze anadumpha ndi chimwemwe. Anaika chikwama pansi. Anagwira mahandulo. Koma atangoponda pedulo, anaima. Anakumbukira kona. Anakumbukira ngalande. Anachita mantha, mantha enieni.

Bambo anagwira chishalo kumbuyo. Anamuuza kuti asaope, iwo agwira. Namzeze anapuma kwambiri. Anakhala pachishalo. Anayamba kupalasa.

Njinga inali yolemera.

Anapalasa ndi mwendo uwu. Yolemera. Anapalasa ndi mwendo uwo. Yolemera. Zinali ngati wanyamula thumba la simenti. Njinga inkayenda pang'onopang'ono. Inkapendekera uku. Inkapendekera uko. Asanafike ngakhale pageti la aneba, Namzeze anaponda pansi. Thukuta linali kamukamu.

Bambo anati wayesetsa. Anati kwa lero zakwana. Anaoneka ngati mtima wawo wakhala m'malo.

Tsiku lachiwiri anayesanso. Njinga inali yolemera. Tsiku lachitatu anayesanso. Njinga inali yolemerabe. Ana a mumsewu anayamba kuonerera. Wina anafunsa ngati Namzeze wathyoka mapiko. Anzake anamuletsa, koma Namzeze anali atamva kale.

Anathamangira m'nyumba. Anadzigwetsa pabedi. Analira. Amayi analowa n'kukhala pambali pake. Anamusisita kumsana.

"Amayi, miyendo yanga yatha mphamvu," anatero Namzeze. "Ndaiwala kupalasa."

Amayi anamupukuta misozi. Anati miyendo siiwala msanga choncho. Anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Namzeze anamva mawuwo, koma mtima sunavomere.

Lachitatu kunabwera Azakhali. Anali alongo awo a Bambo. Anali anthu olankhula mosapsatira. Anaiona njinga itatsamira khoma. Anamva kuti mwini wake ikumukanika. Anati chinthu chabwino chotere chisachite dzimbiri. Anati kwawo kuli mwana amene akuyenda wapansi. Anati ngati Namzeze sakuikwera, adzaitenga Loweruka.

Amayi anati tione Lowerukalo. Namzeze anayang'ana Bambo. Ankadikira kuti akane. Koma Bambo sanakane. Anangoyang'ana pansi, n'kumasewera ndi sipanala.

Namzeze anawerenga masiku ndi zala. Lachinayi. Lachisanu. Loweruka. Anatsala masiku atatu okha.

Lachinayi anayesanso. Anapalasa ndi mtima wonse. Analuma mano. Njinga inafika pageti la aneba. Inapitirira pang'ono. Kenako inaima yokha. Namzeze anatsika n'kuikankha pobwerera. Ngakhale poikankha inali yolemera.

Lachisanu masana Namzeze sanayese n'komwe. Anati bola aitsuke njinga yake. Ngati ikupita, ipite yoyera. Bambo anali kuseri kwa nyumba, akufufuza chubu chobooka m'beseni la madzi.

Namzeze anapukuta chishalo. Anapukuta belu. Anapukuta mahandulo. Kunsi kunali fumbi. Anaigoneka njinga chagada kuti apukute bwino. Wilo linali pamaso pake. Dzanja linangopita lokha. Analizunguza.

Anatenga kansanza kake. Chala ichi.

Khwee. Wilo linaima.

Namzeze anadabwa. Analizunguzanso, ndi mphamvu. Chala ichi. Chala ichi. Khwee. Wilo linaimanso.

Anapita ku wilo lakumbuyo. Analizunguza. Chala ichi. Khwee. Nalonso linaima.

Namzeze anagwada. Anayang'anitsitsa. Mphira za mabuleki zinali zitaluma wilo. Zinaluma uku. Zinaluma uko. Palibe amene anafinya mabuleki, koma mabuleki anali atagwira kale.

Namzeze anayang'ana miyendo yake. Sinali yotha mphamvu. Sinaiwale kupalasa. Masiku onsewa ankalimbana ndi njinga yomangidwa. Anasangalala, komanso anakwiya. Zonse ziwiri zinabwera pamodzi.

Bambo anatulukira, chubu chili paphewa. Anaona njinga ili chagada. Anaona mwana ali ndi kansanza m'manja. Anaima.

"Bambo, njinga iyi ikudwala," anatero Namzeze.

Anazunguza wilo kuti Bambo aone. Anapukuta chala chimodzi. Khwee. Wilo linaima.

Bambo anaika chubu pansi. Anakhala pachidebe chovundikira chija. Munthu wamkulu pachidebe, maondo ali kuchibwano.

"Ndinamanga dala, mwanangu," anatero Bambo. "Ndimaopa. Ndikangotsinzina ndimakuona uli m'ngalande. Ndinati njinga ikamayenda pang'onopang'ono, sugwanso."

"Inenso ndimaopa, Bambo," anatero Namzeze. "Koma ine ndimayesa miyendo yanga yatha."

Nkhope ya Bambo inagwa. Izi sanaziganizire. Anatambasula dzanja lawo la oyilo. Anagwira dzanja la mwana wawo.

"Pepa, mwanangu. Ndakulakwira kawiri. Poyamba sindinamange. Tsopano ndamangitsa."

Namzeze anawayang'ana. Maso a Bambo anali ofiira. Mkwiyo uja unatha. Anawapatsa kansanza kake kuti apukute m'maso. Bambo anapukuta, ndipo kumaso kunatsala mzere wakuda.

Amayi anali ataima pakhomo. Anali atamva zonse. Anapukusa mutu. Anati sanaonepo dokotala womanga wodwala miyendo kuti asapunthwe. Bambo anaseka pang'ono. Aka kanali koyamba kuseka chigwereni Namzeze.

Bambo anatenga sipanala yaing'ono. Sanaigwiritse okha. Anamupatsa Namzeze. Anamulozera kanati ka waya wa mabuleki. Anamuuza kuti amasule pang'ono chabe.

Namzeze anamasula pang'ono. Anazunguza wilo. Onse awiri anapukuta zala. Chala ichi. Chala ichi. Chala ichi. Khwee.

Anamasulanso pang'ono. Anazunguza. Zala zinafika zisanu ndi ziwiri. Khwee.

Anamasulanso pang'ono. Anazunguza, waa. Chala ichi. Chala ichi. Chala ichi. Dzanja limodzi linatha. Chala ichi. Chala ichi. Dzanja lachiwiri linathanso. Anayang'ana. Wilo linali kuzungulirabe.

Bambo anati ntchito sinathe. Anati afinye mabuleki aone. Namzeze anafinya ndi mkono wothyoka uja. Wilo linaima nji. Anasiya, anazunguza, anafinyanso. Wilo linaimanso nji.

Anachita chimodzimodzi ndi wilo linalo. Atamaliza, Bambo anati njinga yachira. Anati waichiza ndi Namzeze. Namzeze anatukula chifuwa. Mphuno yake inali yakuda ndi oyilo, koma palibe anamuuza.

Loweruka linafika. Kunacha bwino. Namzeze anavala nsapato zake. Anamanga zingwe zolimba. Anatulutsa njinga kumsewu. Amayi anaima pageti. Bambo anagwira chishalo kumbuyo.

Mantha anali akadalipo. Namzeze anapuma kwambiri. Anaponda pedulo.

Njinga inali yopepuka.

Anapalasa ndi mwendo uwu. Yopepuka. Anapalasa ndi mwendo uwo. Yopepuka. Sinapendekere uku. Sinapendekere uko. Geti la aneba linadutsa. Geti lachiwiri linadutsa. Namzeze anamva kuseka kukubwera m'chifuwa.

Kumbuyo kunkamveka mapazi, di di di. Bambo anali kuthamanga. Anali wefuwefu. Dzanja lawo linali litakanirira pachishalo. Njinga ikafuna kupita, dzanjalo linkaikoka.

Namzeze sanatembenuke. Maso anali kutsogolo.

"Bambo, siyani," anatero.

"Ukunenetsa, mwanangu?"

"Ndikunenetsa. Siyani."

Mapazi aja anamvekabe katatu. Di, di, di. Kenako anasiya kumveka. Njinga inapepuka kwambiri. Namzeze anali yekha pamsewu, ndipo sanagwe.

Anafika pamwamba pa kamtsetse. Anafinya mabuleki. Njinga inaima. Anaponda pansi n'kuyang'ana kumunsi. Kona inali pomwepo. Ngalande inali pomwepo. Palibe chimene chinasintha.

Akanatha kubwerera. Palibe akanamuseka. Anayang'ana mkono wake. Anautambasula. Anaupinda. Anagwiranso mahandulo, zala zili pa mabuleki. Kenako ananyamula phazi.

Njinga inayamba kutsetsereka. Mphepo inamuwomba kumaso. Anafinya pang'ono. Njinga inamva. Anasiya. Njinga inathamanga. Anafinyanso pang'ono. Njinga inamvanso.

Kona inayandikira. Namzeze anafinya bwinobwino. Anakhota pang'onopang'ono. Ngalande inadutsa pambali pake. Munali pepala ndi masamba ouma basi. Namzeze analiza belu, ngiriri, ngiriri, kuti ngalandeyo imve.

Anatembenuza njinga. Anakwera chitunda ataimirira pa mapedulo. Miyendo inagwira ntchito. Mikono yonse iwiri inagwira ntchito. Ana a mumsewu anamuthamangira pambuyo akukuwa. Uja anafunsa za mapiko ndiye ankakuwa koposa onse.

Bambo anali ataima pakati pa msewu. Manja anali pamutu. Namzeze anaima pafupi ndi mapazi awo, nji. Anali kupuma mofulumira. Anali kuseka.

"Bambo, ndabwera," anatero.

Bambo anamunyamula m'mwamba. Njinga inagwa chammbali, koma palibe anaisamala. Anamuzungulitsa kawiri. Anali kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Amayi anabwera n'kuwakumbatira onse awiri.

Pageti panali pataima Azakhali. Anali atabwera ndi chingwe chomangira njinga. Anali ataona zonse. Anayang'ana chingwe chawo. Anachikulunga n'kuchibwezera m'chikwama. Anati njinga ili ndi mwini wake sailanda. Anawomba m'manja mpaka zibangili zinalira. Kenako anauza Bambo kuti amupezere mwana wa kwawo uja njinga ina, ndipo asanene kuti mawa. Onse anaseka.

Tsiku limenelo Namzeze anatsika kamtsetse kasanu. Amayi anachita kumuitana kuti adzadye.

Lolemba m'mawa Namzeze anavala yunifolomu. Anabereka chikwama. Anafinya mabuleki akutsogolo. Anagwira. Anafinya akumbuyo. Anagwira. Anatsanzika n'kukwera njinga yake, ulendo wa kusukulu.

Atafika pamwamba pa kamtsetse, anacheuka kamodzi. Bambo anali pageti. Phazi limodzi linali kale mumsewu. Ankafuna kumuthamangira. Koma sanasunthe. Amayi anali atawagwira lamba kumbuyo, ndi manja awiri.

Namzeze anawabayibitsa ndi mkono wochira uja. Bambo anabayibitsanso, Amayi akuwagwirabe. Ndipo Namzeze anatsetsereka, kumka kusukulu.